Chitambala M'injini

Rosaria anamanga bawuti yomaliza mwezi utakwera kale. Galimoto inali ya a Lawson, bwana wa ku Lusaka amene anamanga nyumba cha ku Palabana: kagalimoto kofiira, ka zitseko ziwiri, kothamanga ngati kamisala. Amakanika aamuna anakakana. Iye anavomera kusintha tcheni ya taimingi ya m'kati mwa injini, akudziwa bwino kuti akalakwitsa, Chongwe yonse idzati mkazi sagwira injini, ndipo palibe adzamuitanenso.

Sanachite chibwana. Batire anachotsa. Zizindikiro za pa magiya anazilunjikitsa. Injini anaizungulitsa ndi dzanja, osaibweza m'mbuyo ngakhale pang'ono. A Lawson anati aliza galimoto m'bandakucha, nakagona.

Minibasi zinali zitaleka kuyenda. Rosaria anauyamba wapansi, masipanala paphewa, msana ukuwawa, maso akulemera. Ankangofuna mphasa basi.

Pa kamlatho ka kudambo anamva fungo la girizi. Anaima. Achule anali chete.

Tswa... tswa...

Kumbuyo kwake!

Anali mwamuna wovala ovololo yakale, akuyenda osafulumira.

"Ba mekaniki," anatero, "mutu siumvera mphepo?"

Rosaria anagwira sipanala yaikulu.

"Chitambala mwasiya kuti?"

Anagwira kumutu. Tsitsi lokha...

Masana, atasowa kansanza, anavula chitambala n'kutseka nacho bowo lotsikira ku sampu, kumene kumakhala oilo, kuopa kuti bawuti ingagweremo. Kenako, ndi kutopa, anavundikira chivundikiro. Nsalu ili m'kati! Injini ikangolira, tcheni idzaikoka, idzalumpha mano, mapisitoni adzamenya mavalavu.

Munthu uja anakweza dzanja lamanja. Zala ziwiri zokha.

"Tcheni sisankha," anatero. "Idya nsalu, idya na nyama."

Rosaria anayang'ana njira yobwerera, yaitali, yamdima. Atacheuka... panalibe munthu. Achule anayambanso.

Rosaria anabwerera.

A Sanford, mlonda wokalamba wa pa nyumba ya a Lawson, anatsegula geti akudandaula. "Imwe amai, simugona?"

"Gwirani tochi, atate. Nkhani pambuyo."

Anachotsanso batire, namasula mabawuti onse amene anamanga aja. Chitambala chinali pomwepo, chakuda ndi oilo, nsonga yake itatsamira pa mano a giya. Anachikoka pang'onopang'ono, nayang'ana ngati pasala ulusi. Pomwe ankamanga komaliza, atambala anali akulira.

A Lawson anatuluka atavala tayi, naliza galimoto. Inalira bwino, yosalala. Anaimika chala chachikulu, napita.

Rosaria anakhala pa njerwa, nafotokozera a Sanford za munthu wa pa mlatho. Atatchula zala, mkuluyo anazimitsa tochi imene anaiwala ili chiyakire.

"Uyo ni Abson," anatero motsitsa mawu. "Anali kukonza mathirakita kuno. Tcheni inamudya zala chifukwa sanachose batire, munzake analiza injini. Chilonda chinaola, anakana chipatala. Tinamunyamula pa ngolo mochedwa, anafera pa mlatho paja. Mu 1986. Manda ninakumba ndine."

Rosaria anayang'ana chitambala chija. Anachifinya, oilo n'kudontha pa fumbi.

"Akanabwera masana," anatero, "nikalibe kuvundikira injini."

Ananyamula masipanala ake, nadzera njira ina.