Nyimbo ya Ukwati wa Agnes

"Ndati ayi, Connie! Kompyuta imeneyi isiye momwe ililimu mpaka ukwati upite."

"Koma achimwene, anthu onse asintha. Ifeyo tikakamira yachikaleyi mpaka liti?"

"Anthu onse ake ati? Tanditchulira mmodzi."

Connie anayang'ana kumsewu. "Modesta."

"Ehee!" Isaki anawomba m'manja n'kuseka. "Anthu onse a m'Malawi muno asanduka Modesta tsopano."

Kashopu ka Isaki kanali pa Lirangwe, m'mphepete mwa msewu waukulu, kopanikizika pakati pa malo ometera ndi chiwaya cha tchipisi. Mmenemo ankatayipira anthu, kusindikiza makadi ndi kuika nyimbo m'mafoni. Mlongo wake Connie anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo ankamuthandiza podikira zotsatira. Chuma chonse cha kashopuko chinali kompyuta imodzi yotuwa, yomwe poyaka inkayamba yabuula ngati munthu wodzutsidwa tulo tisanathe.

"Tamvera," anatero Isaki akuvala jekete. "Sisitimu yatsopano yoyendetsera kompyutayo si yoipa, nanenso ndikuifuna. Koma sitikudziwa ngati makina athuwa angaisenze, kaya ngati pulinta igwirizane nayo. Ndipo munthu asanaike amayamba wasamutsa kaye zonse. Pulogalamu ya ukwati wa Agnes ili momwemu. Nyimbo yanu ija ili momwemunso, kwina kulibe. Loweruka likadutsa tidzakhala pansi. Wamva?"

Isaki anakwera minibasi ya ku Limbe kukagula inki ndi mapepala.

Nyimboyo anaipeka Edson, mnyamata woimba tena m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwawo. Msuweni wa Connie, Agnes, anafuna kuti idzamveke iye akulowa mu holo. Anaijambulira m'kashopu momwemo, Edson ndi Connie awiriwiri pa maikolofoni imodzi, atapachika bulangete pakhomo kuti phokoso lisalowe. Galimoto yaikulu ikamabwera kuchokera ku Zalewa ankaima, n'kumayang'anana kudikira kuti idutse. Connie ankalakalaka magalimotowo atachuluka. Kumapeto kwa nyimboyo kunatsalira kaphwete ka Edson, ndipo Isaki atafuna kukadula, Connie anakana. Tsiku lililonse ankavala mahedifoni n'kumabwereza pomwepo.

Koma chijambulireni nyimboyo, Edson sanapondenso pashopu.

Komwe ankapita, Connie anakudziwira pafoni. Modesta, mnzake wa kuyambira ku pulayimale, anasamukira ku Chileka bambo ake atapeza ntchito kumeneko, ndipo bambowo anali atamugulira laputopu. Tsiku lina anaika chithunzi pa sitetasi: Edson ali pakhonde pawo, atawerama pa laputopuyo, pakamwa pali pululu. Pansi pake analemba kuti, "Sisitimu yatsopano ndi moto!" Connie anachikulitsa chithunzicho mpaka nkhope zinasanduka timadontho. Phewa la Modesta linali pafupi kwambiri ndi la Edson. Pafupi mopyola muyezo.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, tsiku la msika Modesta anadzera pashopu, laputopu ili m'chikwama chakumsana. Anaitsegula pakauntala. Zithunzi zinkatsetsereka ngati madzi, mitundu ikuwala.

"Iii, Connie, mukadali pa yakale ija?" anatero, kenako anamusiyira fulashi yokhala ndi sisitimuyo. "Tenga, ukaike nawenso. Koma uyambe wasamutsa zinthu zako, wamva?"

Fulashiyo inali m'thumba la siketi ya Connie, ndipo tsopano Isaki atachoka, inkamutentha ngati khala. M'maganizo mwake ankaona kale zonse. Edson akutsika minibasi, akusuzumira pakhomo, maso akutuluka. "Connie, nawenso uli nayo?" Iye osatembenuka n'komwe, akungoyendetsa mausi mwaulemerero. Kenako Edson akukoka mpando n'kukhala pafupi, pafupi kuposa pa chithunzi chija.

Anailowetsa fulashi ija.

Zosamutsa zinthu anazikumbukira, koma anaona kuti zimudyera nthawi, ndipo achimwene akanamupeza asanamalize. Pa sikirini panabwera mafunso a Chingerezi otsatizana. Iye ankangodina, kudina, osawerenga mpaka kumapeto. Funso lina linali lalitali, lokhala ndi kachizindikiro kachikasu pambali. Analidinanso. Kenako panabwera timadontho tozungulira ndi mawu omuuza kuti asazimitse kompyuta. Connie anakhala pampando n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ija.

Timadonthoto tikuzungulira choncho, makina ometera kuseri kwa khoma anangoti zii. Wailesi ya wa tchipisi inadukira pakati pa mawu. Sikirini inada.

"Athima!" anakuwa wometa. "Bambo, mutu wanuwu mupita nawo theka lomweli!"

Anthu panja anaseka. Connie anadzambatuka pampando, manja ali pakamwa. Linali tsiku lomwe magetsi ankakonda kuthima masana. Aliyense pa Lirangwe ankadziwa zimenezo, ngakhale ana.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Kompyuta inabuula monga mwa nthawi zonse, koma pa sikirini panangooneka mzere umodzi wa mawu oyera pamdima. Yakale panalibe, yatsopano panalibenso. Anaizimitsa, kuyatsa, kuizimitsanso. Chimodzimodzi.

Isaki anamupeza akadali pomwepo. Anayang'ana sikirini, anayang'ana fulashi, kenako mlongo wake. Connie ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo zikanamupepukira. Koma Isaki anangoika mapepala pansi, n'kutenga sikuludiraiva, kumasula kompyutayo ndi kutulutsa hadi disiki, mosungiramo zinthu zonse.

"Kuti tione ngati mwatsala kanthu umu, pakufunika makina ena," anatero. "Mawa m'mawa tikupita ku Chileka. Ndipo wokagogoda kwa Modesta ndiwe."

"Achimwene, kulibe kwina?"

"Kulibe."

Anakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kusinthira ya ku Chileka. Njira yonse Connie anafumbata disikiyo, yokulungidwa m'kansalu, ngati dzira. Akutsika, ndege inadutsa chapansipansi pamwamba pa minda ya chimanga, koma iye sanadzutse mutu.

Asanafike pageti anamva kulira kwa kiyibodi. Wina ankaimba, kulakwitsa, kuyambiranso. Inali nyimbo ija. Pakhonde panali Edson, zala zili pa kiyibodi, ndipo pambali pake panali Noah, mchimwene wake wa Modesta, akumumenya padzanja ndi pensulo.

"Chala ichi, aise, osati icho! Ukufuna mkwatibwi adzathawe?"

Edson atawaona anaimirira. "Connie! A Isaki! Kwagwanji?"

Modesta anatuluka ali ndi thovu la sopo m'manja. Connie anayang'ana kwa Isaki, koma iye anangopinda manja osamuthandiza.

"Modesta," anatero pomaliza, "ndaononga kompyuta ya achimwene. Tibwereke laputopu yako."

Modesta sanafunse zambiri. Anapukuta manja pachitenje n'kukaitenga. Isaki analumikiza disiki ija ndi kachingwe, onse ataunjikana kumbuyo kwake. Anatsegula apa, anatsegula apo. Anayesa njira ina, n'kudikira. Kenako anatsamira kumpando n'kupukusa mutu.

"Funso lachikasu lija wandiuza kuti unadina, linali lofufuta zonse. Pulogalamu ya ukwati titayipanso, Connie utayipa wekha lero lomwe pa laputopu yomweyi. Koma nyimbo yapita."

"Yonse?" anafunsa Edson.

"Yonse."

Connie anakhala pansi pa sitepe. Sankaganiza za Agnes panthawiyo, ngakhale ankadziwa kuti ayenera kukamuuza yekha. Ankaganiza za kaphwete kaja. Misozi inagwera pa siketi.

"Koma ndinakuuza, mwana iwe," anatero Modesta mofatsa, akukhala pambali pake. "Unathamangira chiyani? Inetu yangayi anandiikira ndi Noah, ndipo zinatitengera tsiku lathunthu."

"Ndinaona chithunzi chija," anatero Connie osamuyang'ana.

"Chiti?"

"Cha pa sitetasi. Iwe ndi Edson."

Modesta anaphulika kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Ameneyu? Ameneyu sadziwa n'komwe poyatsira! Ankaonera vidiyo ya mmene amaikira zala pa kiyibodi. Akabwera kuno moni wake ndi wa Noah, ine ngati mpanda."

"Agnes anati kutchalitchi akufunanso nyimbo yomweyo, koma ya pa kiyibodi," anatero Edson akukanda m'mutu. "Ndimafuna ndiidziwe kaye bwinobwino. Ndimaopa kuti ukandimva ndikulakwitsa undiseka."

"Ndiye bwino," anatero Isaki akukulunga chingwe chake. "Kuholo kulibenso choti tikaike pa sipika. Loweruka mukaimba pakamwa, pamaso pa anthu onse. Ndipo kompyuta yanga ikadzuka, Connie, funso lililonse uzidzaliwerenga mokweza ndikumva."

Noah anaseka, n'kumukoka Isaki kuti akaone sipika yake m'nyumba. Modesta naye anakumbukira mwadzidzidzi zovala zomwe anasiya m'beseni. Pakhonde panatsala awiri.

Edson anakhala pa sitepe, patali pang'ono. Anatola kamwala n'kumakaseweretsa m'manja.

"Komabe sindikumvetsa," anatero. "Yakale ija inkatijambula bwinobwino. Mu yatsopanoyo umafunamo chiyani kwenikweni?"

Connie anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anaganiza zotchula mitundu yowala, kapena liwiro, kapena kuti anthu onse asintha. Ndege ina inayamba kulira chakubwalo, ndipo onse awiri, mosapangana, anadikira kuti idutse monga ankachitira ndi magalimoto aja. Itapita, Connie anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Sindimafunamo kanthu," anatero. "Ndimafuna iweyo ubwerenso ku Lirangwe."