Mayi wa m'chipinda chopanda chitseko

Anansi ankamutchula kuti Kalipentala, momuseka, chifukwa mipando yake panalibe anakhalapo. Ankaijambula pakompyuta, pamodzi ndi makatani ndi makabati, anthu n'kumaziika m'masewera apakompyuta omanga nyumba ndi kulera tianthu m'menemo.

Madzulo ena mkazi wake, namwino, ankanyamuka kupita kuntchito.

"Mudye, bambo. Tianthu tanuto sitikuphikirani," anatero potuluka.

Iye anatsala kuchipinda, akuyesa kabati yatsopano m'kanyumba ka m'masewera komwe ankayeseramo zinthu zake. M'kanyumbamo sankaikamo munthu. Koma tsikulo pakona panaima mayi wa diresi lotuwa, atayang'ana kukhoma.

Anayesa kumufufuta, osatheka. Anazimitsa masewera n'kuyatsanso. Mayiyo anali atasendera pafupi ndi chitseko.

Kalipentala anachita zomwe osewera amachita akafuna kuti kamunthu kasayendeyende. Anachotsa chitseko cha kanyumbako n'kutsekapo ndi khoma, ati adzamuone bwino mawa.

Mayi uja anakweza dzanja n'kugogoda khomalo. Go, go, go. Phokosolo silinatuluke m'masipika. Linamveka kumbuyo kwake, pachitseko cha chipinda chomwe anakhalamo, chakumkati.

Anadzuka n'kuthamangira kuchitsekoko. Chogwirira chinkazungulira, koma chitseko osasuntha. Anachimenya ndi phewa mpaka linachita dzanzi. Pazenera panali zitsulo zoletsa akuba, zomwe anaikitsa yekha. Foni anaisiya pabalaza. Anaitana mnansi wa kuseri kwa khoma, yemwe wailesi yake inkamveka bwinobwino, koma mnansiyo sanamumve.

Anabwerera pakompyuta kuti abwezere chitseko chija. Akachiika, chinkazimirira. Mayiyo m'kanyumba muja munalibenso.

"Mwanditsekeranso," mawu anamveka pafupi ndi khutu lake, otsika, opanda mkwiyo.

"Pepani, mayi. Ndimati nditsegula mawa."

"Nawonso ankatero."

M'chipindamo mpweya unayamba kuchepa. Sanayerekeze kutembenuka. Ankangomva wina akupuma pakhosi pake, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala masiku osamwa madzi.

Mkazi wake atabwera m'mawa, anangokankha chitsekocho ndi chala, n'kutseguka. Sichinali chokhoma. Anam'peza ataima pakona, mphuno itagunda khoma, zala zitasupuka. Anamuitana kawiri, osayankha. Mpaka anachita kumugwira dzanja n'kumutulutsa ngati mwana.

Masana ake anansi ankanong'onezana kuti kale m'nyumbayo munkakhala bambo wina wansanje, yemwe akamapita paulendo ankatsekera mkazi wake m'chipinda chomwecho. Ulendo wina anachedwa kubwera.

Banjali linafuna kusamuka, koma nyumba ina silinaipeze. Anangozula chitseko cha chipindacho n'kupachikapo nsalu. Koma namwinoyo akuti masiku ena akaweruka amam'peza mwamuna wake ataima kuseri kwa nsaluyo, manja ali lende, akudikira kuti wina amutsegulire.