Dengu Lophika Popanda Moto

Uyu ndi Mafunso. Dzina limeneli ndi la pakhomo chabe. Anamupatsa ndi bambo ake. Mafunso amafunsa m'mawa. Amafunsa masana. Amafunsa ngakhale chakudya chili m'kamwa.

Mafunso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti mbaula ya amayi ake isachoke m'nyumba.

Mbaulayo inali ya magetsi. Inali yoyera. Inkakhala m'khitchini, pafupi ndi khomo. Amayi ake anamwalira Mafunso ali wamng'ono. Koma mbaula yawo inatsala. Mafunso ankaipukuta tsiku lililonse.

Bambo ake anali telala. Ankasokera m'nyumba, pafupi ndi zenera. Makina awo osokera analinso a magetsi. Makinawo ankalira kuti, “Trrr! Trrr!”

Pakhoma panali mita ya magetsi. Mitayo inali ndi kanyale kofiira. Makina akamasoka, kanyaleko kankaphethira pang'onopang'ono. Phethi. Phethi. Mbaula ikayaka, kanyaleko kankaphethira mofulumira. Phethiphethiphethi!

“Ababa, kanyaleka kakuphethiriranji?” anafunsa Mafunso.

“Kakuyang'ana amene akudya magetsi,” anatero bambo ake.

“Ndani amadya kwambiri?”

“Ufunse mbaula.”

Chaka chimenecho magetsi anakwera mtengo. Anakwera. Kenako anakweranso. Bambo ake anazimitsa babu la pakhonde. Anazimitsa wailesi. Anayamba kusita kamodzi kokha pa tsiku. Koma mayunitsi a magetsi ankathabe msanga.

Lachinayi, nyemba zinali pa mbaula. Nyemba sizipsa msanga. Zinawira m'mawa wonse. Zinawirabe mpaka masana. Bambo ake ankasoka diresi la kasitomala.

Mwadzidzidzi mita inalira. “Tii! Tii! Tii!”

Mbaula inazima. Makina anaima. Singano inatsala pakati pa nsalu. M'nyumba munangoti zii.

Bambo ake anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya. Anawavalanso.

“Mayunitsi atha,” anatero. “Mwana wanga, makina ndi amene amatipatsa chakudya. Akaima, ifenso taima. Mbaula iyi yatikulira.”

“Ndiye titani, Ababa?”

“Aneba akhala akuifuna. Loweruka madzulo abwera kudzaitenga. Ife tiziphika pa makala.”

Mafunso anayang'ana mbaula. Anayang'ana bambo ake.

Lachisanu m'mawa, bambo ake anagula mayunitsi ochepa. Anaphika tiyi. Anavundikira kapu ndi kambale, kuti ulusi usagweremo. Kenako anaika kapuyo m'dengu, pafupi ndi phazi lawo. Ankachita zimenezi masiku onse. Ankaopa kuthira tiyi pa nsalu za eni.

Dengulo linali la zidutswa za nsalu. Bambo ake anayamba kudula. Khwa! Khwa! Zidutswa zinagwera m'dengu. Zofiira zinagwera. Zobiriwira zinagwera. Zamaluwa zinagweranso. Kapu ija inakwiririka. Bambo ake anaiwala.

Masana, Mafunso anabwera kuchokera kusukulu. Anapeza bambo ake akufunafuna.

“Iwe, tiyi wanga ali kuti?”

“Simunamwe, Ababa?”

“Ndikanamwa, mimba ikanandiuza.”

Anafuna patebulo. Anafuna pazenera. Anafuna pansi pa mpando. Kenako Mafunso anapisa dzanja m'dengu.

“Mayo!” anakuwa. “Muli chinthu chofunda!”

Anachotsa zidutswa. Anatulutsa kapu. Anachotsa kambale. Kanthunzi kanakwera m'mwamba.

Mafunso anangoti kukamwa yasa. M'dengumo munalibe moto. Munalibe waya. Munalibe makala. Koma tiyi anali akadali wofunda.

“Ababa, wamusunga ndani tiyi ameneyu?”

“Nsalu, kapena.”

“Nsalu zimatentha?”

“Ayi. Zimangotseka njira. Kutentha kumasowa pothawira.”

Mafunso anakhala pansi. Anaganiza. Anaganizanso.

“Ababa, nanga tikaikamo mphika wa nyemba?”

Bambo ake anaseka pang'ono. “Mphika si kapu, mwanawe.”

“Tingoyesa, Ababa. Kamodzi kokha.”

Bambo ake anamwa tiyi uja. Anayang'ana dengu. “Chabwino,” anatero. “Kamodzi kokha.”

Anayatsa mbaula. Nyemba zinawira. Bwatabwata! Bwatabwata! Zitawira ndithu, anazimitsa mbaula. Bambo ake ananyamula mphika ndi nsalu. Mphika wotentha sanyamula mwana. Anauika pakati pa dengu. Mafunso anaika zidutswa m'mbali. Anaika zina pamwamba. Pomaliza anaikapo mtsamiro.

“Tsopano kapereke diresi ili kwa mwini wake,” anatero bambo ake.

Mafunso anapita. Anachedwa, chifukwa kunali kutali. Pobwera anathamanga njira yonse.

Madzulo anatsegula dengu. Mphika unali utazizira. Nyemba zinali zolimba ngati timiyala.

Mafunso anafuna kulira. Koma anaona chinthu pa chivundikiro. Panali zizindikiro za zala zoyera. Zinali zala za choko, chimene atelala amalembera pa nsalu.

“Ababa, munatsegula?”

“Ine?”

“Zala izi ndi za ndani?”

Bambo ake anakanda m'mutu. “Ndinangosuzumira pang'ono.”

“Kangati?”

“Kamodzi. Kawiri. Mwina kasanu.”

“Ababa!”

“Pepa, mwana wanga. Telala amayeza kawirikawiri. Manja anazolowera.”

“Mwatsegulira kutentha chitseko,” anatero Mafunso. “Konse kwathawa.”

Anamalizitsa nyembazo pa mbaula. Kanyale kanaphethira mofulumira. Phethiphethiphethi! Mafunso anakayang'ana mwachisoni. Mawa linali Loweruka.

“Ababa, tiyesenso mawa.”

“Tinati kamodzi kokha.”

“Kamodzi kaja mwawononga ndinu.”

Bambo ake anagwedeza mutu. “Wanena zoona,” anatero. Anatenga nyemba zina. Anaziviika m'madzi kuti zigone momwemo.

Loweruka m'mawa anayatsanso mbaula. Nyemba zinawira. Bwatabwata! Bwatabwata! Zitawira ndithu, anazimitsa mbaula. Mphika unalowa m'dengu. Zidutswa zinalowa m'mbali. Zina zinakhala pamwamba. Mtsamiro unakhala pamwamba pa zonse.

Kenako Mafunso anabweretsa nsalu yaikulu. Anabweretsanso singano ndi ulusi.

“Ababa, sokani.”

“Ndisoke chiyani?”

“Dengu lonse. Mulitseke ndi ulusi.”

“Sukundikhulupirira?”

“Inu ndikukukhulupirirani. Manja anuwo ayi.”

Bambo ake anaseka mpaka magalasi anatsetsereka. Anakulunga dengu ndi nsalu ija. Anasoka ndi manja. Msoko unali wowongoka bwino. Telala sakonda kumasula msoko wake wokongola. Mafunso ankadziwa zimenezi.

Mbaula itazizira, bambo ake anaizula kukhoma. Anaikokera pafupi ndi khomo lakunja. Pamalo pake panatsala poyera. Mafunso sanafune kuyang'ana pamenepo.

Anakhala pafupi ndi dengu. Anaika khutu lake. Sanamve kanthu. Anagwira kunja kwa dengu. Sikunali kotentha.

“Kodi zikupsa, Ababa?”

“Sindikudziwa.”

“Kodi zikugona?”

“Sindikudziwanso.”

Makina anasoka. Trrr! Trrr! Kanyale kanaphethira pang'onopang'ono. Phethi. Phethi.

Masana, bambo ake anaimirira. Anazungulira dengu. Lumo linali m'manja.

“Ababa!”

“Ndikungodutsa.”

“Dutsani msanga.”

Dzuwa litapendeka, kunja kunamveka phokoso. Kwii! Kwii! Inali wilibala. Amene ankaikankha anali Aneba. Aneba anali mayi wansangala. Ankagulitsa mazira owiritsa pamsewu. N'chifukwa chake ankafuna mbaula.

“Odi, a Telala! Ndabwera kudzatenga mkwatibwi wanga.”

“Lowani, Aneba,” anatero bambo ake.

Mafunso anaima kutsogolo kwa mbaula.

“Dikirani pang'ono, Azakhali,” anatero. “Tikuphika.”

“Mukuphika pati? Mbaula iyi yazizira ngati mphuno ya galu.”

“Tikuphika m'dengu.”

Aneba anayang'ana dengu. Anayang'ana msoko. Anaseka mpaka anagwira khoma.

“A Telala, mwayamba kusokera nyemba zovala? Makasitomala atha?”

“Nzeru si yanga,” anatero bambo ake. “Ndi ya mwanayu.”

“Nyemba zimenezi zikapsa, ndiye kuti tambala wanga aikira dzira mawa.”

Bambo ake anapereka lumo kwa Mafunso. “Dula wekha,” anatero.

Mafunso anadula ulusi. Anachotsa nsalu. Anachotsa mtsamiro. Anachotsa zidutswa. Zidutswa zapansi zinali zofunda. Zapansi kwambiri zinali zotentha.

“Imira patali pang'ono,” anatero bambo ake. Anagwira chivundikiro ndi nsalu. Anachikweza.

Fuu!

Nthunzi inakwera. Inakwera mpaka kudenga. Inaphimba magalasi a bambo ake. Fungo la nyemba linadzaza nyumba yonse.

Aneba anasiya kuseka. Anagwira pakamwa.

Bambo ake anatunga nyemba imodzi ndi supuni. Anaiuzira. Anaipereka kwa Mafunso. Mafunso anaifinya ndi zala ziwiri. Inafewa ngati nthochi yakupsa.

“Zapsa,” ananong'ona. “Ababa, zapsa zokha.”

Aneba anagwada. Anasuzumira pansi pa dengu. Anafunafuna kumbuyo.

“Waya ali kuti? Musandipusitse. Mwabisa kuti moto?”

“Mulibe moto, Azakhali.”

“Nanga makala?”

“Mulibe makala.”

“Kalanga ine! Zaka zonsezi ndakhala ndikupsa nkhope pamoto. Chonsecho nsanza zimadziwa kuphika!”

Mafunso anayang'anabe nthunzi. Inali ikukwerabe.

“Ababa, kutentha kunali kuti tsiku lonseli?”

“Kunali momwemo. Kunasowa khomo.”

“Ndiye kunatani?”

“Kunakhala pansi n'kugwira ntchito.”

Bambo ake anapita pa mita. Anayang'ana manambala. Anapukuta magalasi. Anayang'ananso. Mayunitsi anali akadalipo. Mbaula inali itangoyaka kanthawi kochepa m'mawa.

Bambo ake anayang'ana mbaula. Kenako anatembenuka.

“Aneba, mundikhululukire. Mbaula iyi sichoka.”

“Aa! Ndiye ndakankha wilibala ulendo wonsewu chabe?”

Mafunso anathamangira kuchipinda. Kumeneko kunali thumba lalikulu. Linali lodzaza ndi zidutswa zakale. Analikoka. Linali lalitali kuposa iye.

“Tengani izi, Azakhali. Mukaike m'dengu lanu.”

Aneba anagwira thumbalo. Analifinya. “Nanenso zikandiphikira?”

“Muyambe mwawiritsa ndithu. Kenako mukwirire. Koma musasuzumire.”

“Ine kusuzumira? Ndine ngati bambo akowa?”

“Mwadziwa bwanji?” anafunsa bambo ake.

“Munthu sasoka dengu popanda chifukwa, a Telala.”

Onse anaseka. Anakhala pansi n'kudya. Aneba anapempha mbale yachiwiri. Anati akufuna kutsimikiza.

Atatha kudya, Aneba anakweza thumba pa wilibala. Kwii! Kwii! Anapita kwawo akupukusa mutu.

Bambo ake anapinda manja a malaya.

“Bwera, mwana wanga. Gwira uko. Ine ndigwira kuno.”

Anakoka mbaula pang'onopang'ono. Anadutsa nayo pakhomo la khitchini. Anaifikitsa pamalo poyera paja.

“Apa?” anafunsa bambo ake.

“Sunthani pang'ono, Ababa.”

“Apa?”

“Pang'ononso.”

Bambo ake anasuntha pang'ono.

“Apo,” anatero Mafunso. “Ndi pamalo pake pomwepo.”