Kwatsala Mitu Ingati?

Madokotala atanena kuti palibenso chimene angachite, Mzime anawatenga bambo ake n'kukawagoneka m'chipinda chake cha lendi, chapamwamba, pafupi ndi makina ake osokera. Mdalayo anayendetsa basi zaka makumi atatu, koma tsopano khansa inali itawadya mpaka m'mafupa. Maso nawonso anali atasiya kuona.

Chimene chinkawatonthoza chinali buku. Mzime anawaikira pafoni buku lochita kukuwerengera munthu, chibuku chachitali, mitu makumi asanu ndi anayi. Munali mfumukazi yolandidwa ufumu, ankhondo okwera mbalame zamkuwa, ndi mzinda womira mumchenga. Madzulo aliwonse, iye akupinda mipendero ya madiresi, foni inkalankhula pamtsamiro. Mdalayo ankaikalipira mfumukaziyo ngati kondakitala wawo, n'kumaseka mpaka kutsamwa. Tsiku lina ananena kuti iwo sangafe asanamve mapeto ake, olo imfa ibwere ndi apolisi.

Mzime anaseka nawo. Koma mawuwo anawasunga mumtima.

Bukulo litayandikira kumapeto, anayamba kuba. Bambo akagona, ankalibweza m'mbuyo mitu itatu, mwina inayi. Ankati mankhwala amawaiwalitsa, sadziwa. Musafulumire kumuweruza, inu. Mayi ake anatsogola kalekale, achimwene ake foni sayankha. Padziko lonse lapansi anatsala ndi munthu mmodzi yekha, ndipo ankaopa kutsala yekha.

Madzulo ena, kutangoyamba mdima, anatuluka kukataya madzi. Pamasitepe, cha m'munsi, panakhala munthu. Jekete lakuda, chipewa pabondo, nsapato zopanda thope ngakhale mvula inagwa tsiku lonse. Munthuyo anamupatsa moni mwaulemu, osacheuka.

"Kwatsala mitu ingati, mayi?"

Beseni linamupulumuka m'manja. Chitseko chinali chotseka, mawu a foni ali otsika. Munthuyu anamva bwanji? Anathamangira m'nyumba, anakhoma, ndipo usiku umenewo anabweza mitu khumi.

Mawa lake munthu uja analipo. Mkuja wake analiponso. Sankagogoda, sankapempha kanthu. Kungoti tsiku lililonse ankakhala sitepe imodzi pamwamba pa ya dzulo. Mzime atafunsa mayi wa khomo loyandikana ndi lake, mayiyo anati sakuona munthu, koma pamasitepepo masiku ano pakuzizira ngati mufiriji, moti amadutsapo chothamanga.

M'nyumbamo zinthu zinaipa. Bambo anasiya kuseka. Zilonda za kumsana zinatseguka, mapiritsi sankagwiranso, ndipo kubuula kwawo kunkamupangitsa Mzime kudziluma chala kuti asalire mokweza. Komabe mpweya sunkachoka. Masabata atatu athunthu, mfumukazi ikungowoloka mtsinje womwewomwewo.

Tsiku limene munthu uja anafika pakhomo penipeni, mthunzi wa nsapato zake ukuoneka kunsi kwa chitseko, Mzime anatenga foni kuti abwezenso. Dzanja louma linamugwira pamkono.

"Mzime, ine ndine dalaivala. Msewu ndikaudutsa kawiri ndimaudziwa."

Anagwada pambali pa bedi n'kulira ngati mwana. Anawapempha sabata imodzi yokha, imodzi basi. Iwo anati anakhala chete nthawi yonseyi chifukwa chomumvera chisoni iyeyo, koma tsopano ululu wawakulira, atopa.

"Mlendoyo wadikira mokwanira. Mutsegulire, umupatse mpando."

Mzime anatsegula chitseko. Panalibe munthu. Anakoka mpando wake wosokerapo n'kuuika pafupi ndi bedi, ndipo mpandowo unalira kuti kwii, monga umachitira munthu akakhalapo. Mzime sanayang'anekonso kumeneko.

Anamvetsera mitu yotsalayo osadumpha ngakhale umodzi. Mbalame zamkuwa zinagwa, mzinda unatuluka mumchenga, mfumukazi inalowa pachipata ili yokhayokha. Pamalo okoma, bambo ankamufinya dzanja. Kunja kukuyamba kuyera, wowerenga wa pafoni uja anapuma pang'ono, kenako ananena kuti buku loyamba lathera pamenepa, nkhaniyi ikupitirira m'buku lachiwiri.

"Bambo, mwamva? Sinathe! Lilipo lachiwiri!"

Anawagwedeza. Anawaitananso. Dzanja linali litayamba kale kuzizira, ndipo kumbuyo kwake mpando unaliranso.

Pamaliro anthu ankanong'onezana. Mayi woyandikana naye uja analumbira kuti m'bandakucha wa tsikulo anasuzumira pawindo n'kuona amuna awiri akutsika masitepe. Wina anali ndi chipewa kumutu. Winayo anali mdala amene sanaponde pansi miyezi inayi, akuyenda bwinobwino ndi miyendo yawo. Akuti pa sitepe yomaliza mdalayo anaima n'kucheuka, ngati amva mwana wawo akuitana. Wachipewayo anangowagwira pachigongono, n'kupita nawo.