Gasi wa M'nyumba Yokhoma

Atikonda anakumana ndi Evance ku Tsangano, tsiku limene ankamangirira mita pa paipi ya gasi wa ndowe yolowa m'nyumba ya mnyamatayo. Gulu la alimi a ng'ombe ndi limene linalemba Atikonda ntchito yoyeza gasi wa khomo lililonse.

"Kamayeza bwanji kachinthuka, achemwali?" anafunsa Evance, maso ali pa iye.

"Kamaponya kamawu kosamveka ndi khutu m'paipimu. Gasi akamayenda, kamawuko kamafulumira, mita n'kulemba."

"Ndiye kaikeni pamtima pangapa, muone mmene mwandisokonezera."

Mawu ozuna chonchi, ndani sakanaseka? Anaseka mwana wamkazi, ndipo kuseka komweko ndi kumene kunamupweteketsa.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa, ndiwe wekha." "Ndikangokumba kachewere, ankhoswe anga afika kwanu." Atikonda anauza amalume ake, tsiku la chinkhoswe n'kupangana.

Kenako Evance anati akupita ku Joni kukagula zovala za ukwati. "Nyumba ndakhoma, makiyi ndatenga. Usavutike n'kupitako."

Patatha milungu iwiri, Atikonda ali pa ntchito yake anafika pa nyumba ija. Mita inaonetsa kuti gasi wakhala akuyenda m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku. Ngakhale nthawi imeneyo ankayenda.

Mtima unamuwira. Anthu opanda manyazi, kumubera gasi mwamuna wake ali kutali? Anatsata paipi yonse, osapeza poboola. Anakankha chitseko cha kukhitchini.

Munali mayi wobereka khanda kumbuyo, akukazinga kachewere.

"Ndinu a mita? Lowani. Ndine Sibongile, mkazi wa a Evance. Ndinapita kwathu ku Champiti kukachira."

Foni ya Atikonda inalira. Uthenga: "Kuno ku Joni kukuzizira, duwa langa. Ndakusowa."

Mwaukali, anaimba nambalayo. Foni inalira kuseri kwa khola. Anatulukira Evance, ndowe zili m'miyendo.

"Joni yake ndi ya kukholayi?" Atikonda anakalipa. "Galu iwe! Amalume anga aitana mudzi wonse chifukwa cha iwe!"

"Atikonda, tamvera kaye..."

"Afotokozere awa." Atikonda anapatsira Sibongile foni ija. "Werengani kuyambira pamwamba, mayi. Musadumphe."

Sibongile anawerenga mpaka kachewere anapserera. Atikonda analandira foni yake, n'kutuluka. Misozi inamupeza pamsewu, akuimbira amalume ake.

"Amalume, nkhuku ya chinkhoswe ija ingodyani."