Wofunditsa Usiku

Ine si munthu wamantha, mukafunse aliyense amene amandidziwa. Ndagwira ntchito ya usiku kunyumba yosungira okalamba kwa zaka zambiri. Ndatseka maso a anthu, ndasambitsa mitembo, n'kusamba m'manja kupita kukamwa tiyi. Koma za nyengo yozizira ya chaka chija, ayi ndithu, ndikangozikumbuka thupi lonse limachita tsemwe.

Nyumbayo ili ndi kolido imodzi yaitali, zipinda mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi kochapira, kunkagona bambo anga. Anali kalipentala, koma matenda anawapha miyendo yonse ndi mkono wamanzere. Kunyumba kunalibe wowayang'anira, ndiye ndinapempha a Sisitala, bwana wathu, kuti ndiwabweretse kuntchito konkuno ndiziwaona usiku uliwonse. Ankanditchula kuti Kanjinga, ati ndili mwana ndinkagona ndikupalasa miyendo mpaka zofunda zonse pansi.

Kukayamba kuzizira timadziwiratu kuti mabedi ena atsala opanda eni ake. Chaka chilichonse zimatero. Koma chaka chimenecho zinanyanya. Galimoto yonyamula maliro inazolowera geti lathu moti alonda anasiya kufunsa. Adokotala amene ankabwera masana anati tisadziimbe mlandu.

"Si kuno kokha, mayi," anandiuza. "Anthu okalamba kwambiriwa akupita ambiri kuposa mmene timayembekezera. Mwina ndi chifuwa chija, mwina kuzizira. Tikufufuzabe."

Ndinangoti chabwino. Iwo ankafufuza masana, ine ndinkakhalamo usiku.

Pali lamulo limodzi limene a Sisitala anandiphunzitsa tsiku loyamba. Munthu wamoyo sumupindira bulangete kunsi kwa mapazi. Zidendene za okalamba sizichedwa kuchita zilonda, ndiye bulangete timalisiya lolendewera kumapaziko. Kupindira kunsi, mothina bwino, timachitira amene watisiya, pomukonza kuti abale ake adzamuone.

Madzulo ena ndinalowa ntchito ngati masiku onse. Ndinagawa tiyi, ndinawamwetsa mankhwala, ndinatembenuza ogonera mbali imodzi. Nditafika kwa agogo ena amene tinkawatcha Agogo Wailesi, chifukwa pakamwa pawo sipankazima, anandigwira mkono.

"Iwe manja akowa ngati wachokera mufiriji," anatero. "Bwanji osatengera mnzako uja?"

"Mnzanga uti, agogo?"

"Watsopano uja. Amabwera iwe ukadutsa. Manja ake ofunda bwino, salankhulanso zambiri ngati iwe."

"Inu ndi amene mukunena za kulankhula zambiri?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Dzulo anali kwa a Telala. Ndinamumva."

Kuseka kunandithera. A Telala, a chipinda choyandikana nawo, ndinawapeza atamwalira m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndipo ndinawapeza atawapindira kale bulangete kumapazi. Ndinali nditakalipira mtsikana wa masana kuti ndi ulesi wanji wokonzeratu munthu adakali moyo, iye n'kulumbira misozi ili mbwembwembwe kuti sanakhudze bedi limenelo. Usiku pa nyumba yonse ndimakhalamo ndekha. Alonda amakhala kugeti.

Pakati pa usiku ndinadutsanso kwa Agogo Wailesi ndi tochi. Anali m'tulo, akupuma bwinobwino. Nditawalitsa kumapazi, mtima unangoti phaa. Bulangete linali lopindiridwa kunsi, ngodya zake zosalala ngati zasitidwa. Ndinalisolola msangamsanga, ndinalikutumula, n'kulisiya lolendewera. Ndinaima pamenepo kanthawi. Kenako belu linalira kuchipinda china, munthu akufuna madzi.

Pobwerera ndinapeza alipindiranso. Agogo Wailesi anali atazima.

Ndinayesa kuwauza a Sisitala. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukufunika tchuthi iwe. Anthu awa ndi okalamba, akufuna chifukwa chinanso chofera?"

Tchuthi ndinakana. Ndikanapita bwanji? Ndinali nditaona chimene iwo sanachione. Imfazo sizinkadumphadumpha ayi. Zinayambira kukhomo lolowera, zikutsika ndi kolido, chipinda ichi, kenako chotsatira, ngati mmene ine ndimayendera pogawa mankhwala. Masiku ena kunkakhala zii, mpaka ine kuyamba kudziseka. Kenako ndinkapezanso wina. Aphunzitsi anapita. Amayi ena osaona amene ankaimba nyimbo za kwaya anapita. Zitseko zotsala zinkachepa, ndipo kumapeto kunali bambo anga.

Tsiku limene chipinda choyang'anana nawo chinatsala chopanda munthu, ndinamaliza ntchito zonse mofulumira. Ndinakokera mpando kumapazi kwa bedi la bambo. Ndinakulunga m'mphepete mwa bulangete lawo m'manja onse awiri, n'kukhala.

"Kanjinga, wayamba liti ulonda?" anandifunsa.

"Gonani, bambo."

"Abwana ako akudziwa kuti ukulandira malipiro utakhala pampando?"

"Ndati gonani."

Kunja kunali mphepo. Mpope wa kochapira unkadontha. Nthawi inapita, ine maso ali pachitseko.

Ndiye ndinamva mapazi. Osati nsapato ayi, koma ngati munthu wovala masokosi okha, akukwekweresa pang'onopang'ono pa simenti. Ankayenda, n'kuima. Ankayenda, n'kuima. Ndinazindikira kuti akuima pa chitseko chilichonse, monga ndimachitira ine. Babu la mukolido linayamba kuchepa mphamvu mpaka kufiira. Kenako kunabwera fungo, fungo labwino ndithu, la nsalu yochapa imene yangochoka pa simbi yotentha.

Mapazi aja anaima pakhomo pathu.

"Lowani," anatero bambo.

"Bambo, khalani chete!"

Chitseko chinatseguka chokha pang'onopang'ono. Sindinaone munthu. Ndikunena zoona, ndinayang'anitsitsa, panalibe munthu. Koma m'chipindamo munayamba kufunda ngati wina walowetsa mbaula. Matiresi anabonyoka pambali panga, pamene munthu amatsamira bondo akamayala bedi. Kenako bulangete linakokedwa.

Silinakokedwe mwaukali. Linakokedwa mwaulemu, ngati munthu akuti pepani, ndidutse nawo. Ine ndinagwiritsa. Linakokedwanso, mwamphamvu pang'ono. Ndinamva zala zikukhudza zanga, zofunda, zofewa, zikuyesa kumasula chala changa chimodzichimodzi. Mayo ine! Mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. Ndinafuna kupemphera, mawu onse anabalalika, ndinangotsala ndi kukuwa.

"Choka! Awa ayi! Awa ndi bambo anga!"

Zalazo zinasiya. Ndinamva mpweya wofunda pakhosi panga, pafupi kwambiri, ngati munthu wawerama kuti andione nkhope bwinobwino. Kenako mapazi aja anakwekwereza kutuluka, ndipo babu linawalanso.

Kutacha bambo anali moyo. Ndinalira ndi chimwemwe, ndikupsompsona dzanja lawo. Koma iwo sanasangalale.

"Wamukalipira mlendo," anatero.

"Mlendo wake uti? Amafuna kukutengani!"

"Ndiye ukuganiza kuti sindikudziwa? Mwana wanga, ndatopa ine. Anzanga onse anapita. Amayi ako anapita kalekale. Ndimachita kutembenuzidwa ngati thabwa. Usiku uno usagwire bulangete langa."

"Ndigwira."

"Makani amenewa unatengera ndani?"

"Inu."

Ndinagwiradi. Usiku umenewo chinthu chija chinabwera, usiku wotsatira chinabweranso. Sichinkapitanso kuzipinda zina, moti a Sisitala anayamba kunena kuti mwina nyengo yoipa yadutsa. Ine ndinkadziwa kuti sinadutse, yangoima pakhomo limodzi. Usiku uliwonse tinkakokana, ndipo usiku uliwonse mpweya uja unkakhalitsa pakhosi panga kuposa dzulo lake. Masana tulo sitinkabwera. Ndinaonda, maso analowa m'kati. Amayi a kukhitchini anandifunsa ngati ndikudwala.

Bambo anasiya kundinyengerera. Ankangondiyang'ana. Tsiku lina anati, "Kanjinga, sakuyang'ananso ine. Akuyang'ana iwe. Pita kunyumba."

"Ndikapita mutsala ndi ndani?"



Usiku umenewo kunazizira kuposa masiku onse. Ndinakhala pampando paja, bulangete lili m'manja. Ndinamva mapazi akuyambira kutali. Ndinamva fungo lija. Koma ulendo uno kufundako kunabwera mosiyana, kunandikuta thupi lonse, kokoma, ngati ndili mwana ndagona pamsana pa amayi. Ndinadziuza kuti ndingotseka maso pang'ono pokha. Ndikukumbuka wina akundifunditsa mpaka m'khosi. Ndikukumbuka manja ofunda akunyamula phazi langa lamanja, kulikulunga bwinobwino, n'kuliika pansi. Ndinkadziwa tanthauzo lake, koma sindinafune kudzuka. Manja aja anagwira phazi lamanzere.

Kenako ndinamva chinthu cholemera chikugwa, khu! Ndi mawu a bambo, amphamvu ngati kale ali kushopu kwawo.

"Ameneyo ayi. Munabwerera ine."

Anandidzutsa ndi a Sisitala, kunja kutayera. Ankandigwedeza akukuwa dzina langa. Ndinali pampando pomwe paja, nditafunditsidwa bulangete la bambo. Phazi lamanja linali lokulungidwa mothina, lozizira, lopanda mphamvu. Phazi lamanzere linali pamtunda.

Bambo anali pansi pa simenti, pamapazi anga. Munthu amene kwa zaka sankatha ngakhale kudzitembenuza yekha anali atatsika pabedi, n'kudzikoka ndi mkono umodzi mpaka pampando wanga. Dzanja lawo labwinolo linali litagwira ngodya yotsala ya bulangete. Anali atauma kale. Alonda ndi a Sisitala anachita kuthandizana kumasula zala zawo, koma zinakanika, mpaka tinadula bulangetelo ndi sizasi. Tinawaika m'manda kansaluko kali m'manja.

Adokotala anati anagwa pabedi, mtima n'kuima. Za phazi langa anati ndinakhalira mtsempha. Mpaka lero ndimalikoka poyenda, ndipo silifunda ngakhale ndiliviike m'madzi otentha.

Imfa zinachepa kuchokera tsiku limenelo. Amayi a kukhitchini amanong'oneza anzawo kuti chinthu chija chinabwerera munthu mmodzi ndipo chinapita ndi mmodzi, nkhani inathera pomwepo. Alonda amapukusa mutu. Iwo amati usiku umenewo anamva mapazi akutuluka pageti, n'kuima, ngati munthu amene wakumbuka kuti wasiya ntchito ya theka.

Ntchito ya usiku ndinasiya. Kunyumba ana amandiseka kuti amayi amagona mapazi ali panja ngakhale kuzizire bwanji. Ndimangowasiya aseke. Koma nyengo yozizira ikafika, masiku ena ndimadzidzimuka usiku m'chipinda muli fungo la nsalu yosita. Ndimapalasa miyendo, kupalasa ndithu ngati ndili mwana, mpaka bulangete lonse ligwe pansi. Ndikatero ndimakhala tsonga mumdima, ndikunjenjemera, ndikuitana bambo anga.