Amayi a Fadzai Asanduka Mwana

Fadzai ankakhala pa pulazi ya fodya, pafupi ndi tauni ya Macheke, kwa anthu olankhula Chishona. Ankakonda katuni ya ana awiri opita m'masiku akale. Anawo ankalowa m'kanyumba. Ankatseka chitseko. Akatuluka, afika kale m'makedzana!

M'makedzana munalibe magetsi. Anthu ankalima ndi ng'ombe. Ankasita ndi simbi ya makala. Zonsezi Fadzai anaziphunzira pa TV.

Fadzai anafuna kupitako. Mwana ameneyu akafuna chinthu, samva za munthu.

Loweruka masana analowa m'balani yakale, nyumba youmitsiramo fodya. Anatseka chitseko. Anatsinzina. Anadikira, nadikira, mpaka tulo tinamuba.

Atadzuka, anathamangira kwawo ku komboni. TV inali zii. Magetsi kunalibe. Kumunda kunali ng'ombe, osati thirakitala. Pakhonde panali simbi ya makala, ikufuka utsi.

"Maiwe! Zatheka!" anakuwa Fadzai.

Koma amayi kunalibe. Pa mpando wawo panali mtsikana wachilendo. Anali ndi mpata pakati pa mano, ngati amayi.

"Unonzi ani?" anafunsa Fadzai m'Chishona.

Mtsikanayo anapukusa mutu. Chishona sankachimva.

"Dzina lako ndani?" anafunsanso Fadzai m'Chichewa.

"Ndine Tiyamike Samson."

Fadzai anadzidzimuka. Limeneli ndi dzina la amayi ake! Dzina la amayi, mano a amayi, mpando wa amayi. Koma msinkhu wa Fadzai!

Fadzai anathamangira kubalani. Anatseka chitseko. Anatsinzina. Anabwerera kunyumba. Mtsikana uja anali pomwepo.

Anapitanso. Anabweranso. Mtsikana uja anali pomwepo.

 Mantha anamugwira Fadzai.

"Amayi, ndine mwana wanu," anatero akulira.

"Iii! Ine? Ndili sitandade 2 ine!" anayankha mtsikanayo.

"Nanga azindiluka tsitsi ndani? Ndikadwala azindibereka ndani?"

"Kaya! Ine sindingakubereke. Ukuoneka wolemera."

Fadzai analira kwambiri. Mtsikanayo anasokonezeka, nayenso anayamba kulira.

"Nhai ana inu, wamwalira ndani?"

Anali mawu a amayi! Amayi aakulu, enieni, atasenza ndowa ya madzi. Pambuyo pawo panali bambo wamtali.

Fadzai anayang'ana amayi. Anayang'ana mtsikana. Anayang'ananso amayi.

"Mhamha, mulipo awiri?"

Fadzai anafotokoza zonse. Amayi anaseka mpaka madzi anatayika.

"Magetsi athima, mwanangu. Thirakitala yafa. Simbi ndabwereka kwa aneba athu, amai Prince. Lero ndi lero ndithu."

"Nanga uyu?" anafunsa Fadzai, akuloza mtsikana uja. Amayi anayamba aloza bambo wamtali uja.

"Awa ndi malume ako, a Jasten. Anapita ku Malawi, kwawo kwa agogo, iwe usanabadwe. Afika lero ndi mwana wawoyu."

Malume anagwada pafupi ndi Fadzai.

"Kumeneko ndinkamusowa kwambiri mlongo wanga," anatero. "Mwana atabadwa, ndinamupatsa dzina lake. Ndinkafuna ndiziliitana tsiku lililonse."

Amayi anasiya kuseka. Anapukuta m'maso ndi chitenje.

Fadzai anakwera pamiyendo ya amayi. Anawagwira zolimba.

"Mhamha, musadzakhalenso mwana," ananong'ona.

"Sindidzatero," anayankha amayi.

Tiyamike wamng'ono anaima yekha patali. Amayi anamukodola.

"Bwera, mnzanga wa dzina. Mwendo winawu ndi wako."